Injini yopanda pisitoni ikakana kulira, yambani mwafunsa batire

Galimoto ya Mazda RX-8 ili ndi khalidwe lina limene limazunguza eni ake atsopano. Muilize m'mawa kuli chisanu, muisunthe pang'ono chabe kuti ina ituluke pageti, kenako muizimitse. Mukabweranso patapita ola limodzi, sitata ingozungulira koma injini osalira. Petulo alimo, magetsi akuyaka, palibe chathyoka. Mwini wake akaitana makaniko amene anazolowera ma Corolla ndi maminibasi, chigamulo sichichedwa: "Bwana, injini yapita iyi." Nthawi zina zimakhala zoona, nthawi zina ayi, ndipo pakati pa ziwirizi pali ndalama zankhaninkhani. Mbali imodzi pali mtengo wa batire kapena mapulagi, mbali inayo mtengo womanganso injini yonse.

Magalimoto otere ndi osowa m'misewu yathu, imodziimodzi ndi imene imabwera pakati pa akale ochokera ku Japan. Ndawasankhabe chifukwa lamulo la Ohm, lamulo la Boyle, electromagnetic induction ndi kufufuma kwa zitsulo zikatentha, zonsezi zimakumana pansi pa boneti imodzi. Amene akuzidziwa atha kupeza vuto asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe.

Samusa m'khoko la mtedza

Injini imeneyi anaiganiza ndi Felix Wankel wa ku Germany, ndipo yoyamba inalira mu 1957 ku kampani ya NSU. Mazda ya ku Hiroshima inagula chilolezo mu 1961, ndipo akatswiri ake motsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto anatulutsa Cosmo Sport mu 1967. Kenako kunabwera RX-7, kuyambira 1978 mpaka 2002, ndi RX-8, kuyambira 2003 mpaka 2012. Choncho ngakhale RX-8 yomaliza kupangidwa yakhala kale pamsewu zaka zoposa khumi.

Mulibe pisitoni, mulibe silinda, mulibe mavavu. Taganizirani samusa ya mbali zotupa pang'ono, yachitsulo, ikuzungulira m'kati mwa mphako yooneka ngati khoko la mtedza wa maso awiri. Samusayo ndi rotor. Makona ake atatu amagunda khoma la mphakoyo nthawi zonse, ndiye m'katimo mumakhala zipinda zitatu zimene zimakula ndi kuchepa rotor ikamayenda. Chipinda chikamakula pafupi ndi bowo lolowera chimakoka mpweya ndi petulo. Chikamachepa chimazipanikiza. Chikafika pa mapulagi zimayaka n'kukankha rotor, ndipo chikafika pa bowo lotulukira utsi umapita ku ekizozi. Ndi ntchito zinayi zomwe zija za injini ya four-stroke, kungoti pano zikuchitikira malo osiyana, zipinda zitatu zonse nthawi imodzi.

Rotor ikazungulira kamodzi, shafiti yapakati imakhala yazungulira katatu. Injini ya 13B, imene ili mu RX-7 zambiri ndi RX-8 zonse, ili ndi ma rotor awiri, ndipo chipinda chilichonse ndi cha 654 cc.

Tsopano gwirani mfundo iyi, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Pa kona iliyonse ya rotor pali kachitsulo kakang'ono kotchedwa apex seal, kokhala m'kamsewu kake, ndipo ntchito yake ndi kutseka kuti mpweya wa chipinda china usathawire m'chinzake. Kachitsuloka kamakanikizidwa kukhoma ndi zinthu zitatu: sipuling'i yofooka imene ili pansi pake, pressure ya mpweya imene imalowa kuseri kwake, komanso kuzungulira kwa rotor. Chachitatuchi mumachidziwa. Chinthu choyenda mozungulira chimafuna kupita molunjika, ndiye chimakankha khoma limene likuchikhotetsa, ndipo mphamvu yake imakula ndi square ya liwiro. Injini ikamalira payokha imayenda pafupifupi 800 rpm, pamene sitata imangofika cha m'ma 250 rpm. Gawani 800 ndi 250, yankho mulichulukitse ndi lokha, mupeza pafupifupi 10. Ndiye kuti pa nthawi yoliza, apex seal imapeza gawo limodzi mwa khumi la thandizo limene imapeza injini ikangolira.

Palinso nkhani ya nthawi. M'injini ya mapisitoni, kupanikiza kumatenga theka la kuzungulira kwa shafiti, madigiri 180. M'injini ya Wankel kumatenga madigiri 270. Pa 250 rpm shafiti imazungulira kamodzi m'masekondi 0.24, choncho kupanikiza kumatenga masekondi 0.18, pamene pisitoni ikanamaliza mu 0.12. Liwiro likatsika kufika 150 rpm, nthawiyo imakwera kufika 0.30. Nthawi yonseyo mpweya ukuthawa pang'onopang'ono m'timipata. Amene munapopapo njinga ndi pampu yakutha chikopa mukudziwa zimene ndikunena: mukakankha mwachangu tayala limalandira mpweya, mukakankha mwaulemu mumangomva fwii m'mbali. Mukudziwanso kuti kadontho ka oyilo pachikopapo kamasintha zinthu. Injini ya Wankel nayo imadalira oyilo wotere, moti ili ndi kapampu kamene kamathira oyilo pang'ono m'zipinda mwadala, n'kumawotchedwa limodzi ndi petulo.

Mverani kaye

Tembenuzani kiyi, khutu lili tcheru. Ngati kuli zii, kapena mwangomva "tchaka" kamodzi basi, injini ilibe mlandu panobe. Vuto lili pa batire, pa mawaya, pa fyuzi kapena pa sitata yeniyeniyo, ngati galimoto ina iliyonse.

Chopusitsa ndi pamene sitata ikuzungulira ndithu koma mwaulesi. Injini ya mapisitoni nthawi zambiri imalirabe. Ya Wankel yakale imakana, pa zifukwa ziwiri taona zija. Batire lodzaza, galimoto itazimitsidwa, limawerenga pafupifupi 12.6 V. Koma nambala imeneyo payokha siikuuzani zambiri, chifukwa voltmeter sikoka current yoti n'kutchula. Muyezenso wina akutembenuza kiyi. Ikagwa kupitirira cha m'ma 9.6 V, batire lafooka.

Chifukwa chake ndi internal resistance, ija timalemba kuti V = E − Ir. Tiyerekeze kuti sitata ikukoka 200 A. Batire labwino la r = 0.01 Ω litaya 2 V m'kati mwake, sitata n'kulandira 10.6 V. Batire lokalamba la r = 0.03 Ω likanataya 6 V. Magetsi ndi wailesi sizingadandaule chifukwa zimakoka ma ampere ochepa, n'chifukwa chake mwini galimoto amalumbira kuti batire lili bwino. Ndipo si batire lokha. Mutu wa batire ukachita zoyerayera zija n'kuwonjezera 0.01 Ω yokha, P = I²R ikupatsani 400 W zongotenthetsa mutuwo. Mukagwira mutu wa batire kapena waya wopita kuthupi la galimoto n'kupeza kuti wafunda mutangoyesa kuliza, mwampeza wakuba. Kupala ndi sandipepa n'kumanganso sikufuna ndalama. Mazda yomwe inaona kufunika kwa liwiroli, moti RX-8 za pambuyo pake inaziika sitata yothamanga kuposa ya zoyambirira.

Ine ndimati aliyense wonena kuti injini ya Wankel yafa asanayese ndi batire lina lamphamvu, akungolota.

Injini yokhuta petulo

Tibwerere ku galimoto yongosunthidwa pang'ono ija. Petulo wamadzi sayaka, imayaka ndi nthunzi yake, ndiponso pokhapokha itasakanizika ndi mpweya pa mlingo woyenera. Mlingo wabwino ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Nthunzi ikachepera pa 1.4 peresenti ya mpweya kapena kuposa pa 7.6 peresenti, moto sugwira ngakhale pulagi ithetheke bwanji.

Injini ikazizira, petulo wambiri amagwa pa makoma ozizira ngati mame pa udzu, ndiye kompyuta ya galimoto imathira wochuluka kuti wotsala mumpweyayo akwane. Chipinda cha Wankel ndi chachitali komanso chophwatalala, khoma n'lalikulu poyerekeza ndi malo a m'kati, ndiye mame a petulowo amachuluka. Injini ikapitiriza kulira n'kutentha, onsewo amauma n'kupsa. Mukaizimitsa isanatenthe, amatsala momwemo. Mu RX-8 mabowo otulutsira utsi anawasamutsira m'mbali, ndipo petulo wosapsa amabwerera kukayesanso kuyaka m'malo motuluka. Izi zimachepetsa utsi woipa, koma tsiku loti wachuluka, satulukanso msanga.

Petulo wotsalayo amachita zoipa ziwiri. Amanyowetsa mapulagi, ndipo amatsuka oyilo uja wotseka timipata. Compression imatsika, injini osalira, dalaivala n'kutembenuzanso kiyi, kompyuta n'kuthiranso petulo wina. Kuyesa kulikonse kumakulitsa vuto. Zizindikiro zake ndi fungo la petulo kumbuyo, komanso sitata imene imamveka yopepuka, ikungothamanga ngati palibe chimene ikukankha.

Mankhwala ake amaoneka osemphana ndi nzeru. Mu RX-8 mumaponda faya mpaka pansi n'kugwira pomwepo, kenako n'kutembenuza kiyi. Kompyuta ikaona phazi lili pansi pa nthawi yoliza imadula petulo, ndiye mumangodutsa mpweya wouma. Masekondi khumi akwana, kenako mupumitse sitata kuti izizire, mubwereze kangapo, ndipo pomaliza muyese phazi litachoka. Mu RX-7 zoyambirira za kabuleta kuponda mpaka pansi kumatsegulanso njira ya mpweya, koma osapopapopa phazi, chifukwa kuponda kulikonse kumalavulira petulo wina.

Zikakanika, makaniko amachotsa fyuzi ya pampu ya petulo, amazimitsa mbali ya moto, amamasula mapulagi n'kuzungulitsa injini kuti petulo atulukire m'mabowo ngati nkhungu. Kenako amaumitsa mapulagi n'kuthira kasupuni ka oyilo m'rotor iliyonse, mofanana ndi pampu ya njinga ija. Apa ndiye osayerekeza kuchita nokha: nkhungu imeneyo ndi petulo wosakanizika ndi mpweya, kamoto kamodzi n'kokwanira. Ikalira imafuka utsi wambiri kwa mphindi zingapo, ndipo musaizimitse mpaka itenthe.

Nanga kukankha? Galimoto ya magiya a pamanja ikakokedwa, injini imazungulira mwachangu kuposa mmene sitata ingathere, ndipo nthawi zambiri imalira. Izi zikungotsimikiza mfundo yathu ya liwiro. Koma petulo yense uja amathamangira ku catalytic converter n'kukapsera kumeneko, ndipo chimenecho ndi chipangizo chodula. Ine sindingalimbikitse.

Moto umene umaoneka panja n'kusowa m'kati

Rotor iliyonse ili ndi mapulagi awiri chifukwa cha kutalika kwa chipinda chija. Yam'munsi, imene amailemba L, ndiyo imayamba kuthetheka, yapamwamba ya T imatsatira. Kusinthanitsa mawaya ake pomanga ndi vuto lodziwika, ndiye ngati galimoto yayamba kukana itangochoka kugalaja, yang'anani pamenepo.

Koyilo ndi step-up transformer. Current ikadulidwa mwadzidzidzi mu primary, magnetic field imagwa ndipo secondary imatulutsa ma volt zikwi makumi angapo. Mapulagi a Wankel amagwira ntchito yowirikiza: amathetheka kamodzi shafiti ikazungulira kamodzi, pamene m'silinda ya four-stroke kuyaka kumafunika kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Ndiye makoyilo ndi mapulagi amatha msanga.

Mwina munaonapo makaniko atamasula pulagi, n'kuigunditsa ku injini, n'kunena kuti "moto ulipo". Kuyesa kumeneko kumanama. Mpweya wamba umabooledwa ndi pafupifupi 3,000 V pa milimita iliyonse. Mpweya wopanikizidwa uli ndi mamolekyu ambiri panjira, ma electron amagunda asanapeze liwiro, ndiye pamafunika voltage yochuluka kangapo. Koyilo yofooka imatha kudumphitsa moto panja koma m'chipinda n'kulephera. Pulagi ikakhalanso ndi mwaye wonyowa, current imasankha njira yosavuta yotsetsereka pa mwayewo, osadumpha mpata. Chipangizo choyesera chokhala ndi mpata waukulu ndicho chimanena zoona. Ngati mapulagi onse anayi alibe moto, sizingatheke kuti makoyilo onse afe tsiku limodzi. Ganizirani za sensa imene imauza kompyuta pamene shafiti yafika. Ili ndi maginito, imatola tizitsulo ndi dothi, ndipo nthawi zina kupukuta kumakwanira.

Ngati mapulagi atuluka ouma opanda fungo, vuto latembenuka, petulo sakufika. Fyuzi, pampu, sefa. Galimoto yokhala miyezi yambiri nayonso imakhala ndi petulo wosasa, mbali yake youluka msanga itathawa kale.

Pulagi ikatuluka ili ndi madzi, nkhani yaipa. Injiniyi anaimanga ngati sangweji, zigawo za aluminiyamu ndi zachitsulo motsatizana, ndipo pakati pake pali mphira wotchinga madzi a ladiyeta. Aluminiyamu imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye injini ikatentha mopyola ngakhale kamodzi, zigawo zimapindika ndipo madzi amadontha m'chipinda usiku wonse. M'mawa imavuta kulira, imatsimphina, imafuka utsi woyera wonunkhira motsekemera, ndipo madzi a ladiyeta amachepa popanda pothonya poonekera.

Kuwerenga compression

Zonsezi zikapezeka zili bwino, ndiye tsopano tifunse ma seal. Chizindikiro chimodzi ndi chakuti galimoto imalira ikazizira koma imakana ikatentha, monga mukaima pa filing'i siteshoni. Oyilo wotentha amapyapyala n'kusiya kutseka bwino, ndipo zitsulo zimafufuma mosiyana. Tawerengani nokha. Mphako ya 13B ndi ya 80 mm m'lifupi. Aluminiyamu imafufuma pafupifupi 23 × 10⁻⁶ pa digiri iliyonse, chitsulo cha seal pafupifupi 11 × 10⁻⁶. Zonse zikatentha ndi madigiri 70, kusiyana kwake ndi 80 × 12 × 10⁻⁶ × 70, pafupifupi 0.07 mm, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pa injini yatsopano si kanthu. Pa yakutha kale, tsitsi limodzilo ndi limene limasiyanitsa kulira ndi kusalira.

RX-8 imapanikiza mpweya pa mlingo wa 10 kwa 1. Lamulo la Boyle likuti mpweya wa 100 kPa ukapanikizidwa chotere ufike 1,000 kPa, ndipo kutentha kwake kukanauwonjezera. Zoyeza zenizeni zimachepera chifukwa bowo lolowera limachedwa kutsekeka ndipo wina amathawa. Buku la Mazda limati injini yabwino ipereke 830 kPa pa 250 rpm, ndipo isatsike kupitirira 680 kPa. Mwaona kuti pressure sanaitchule yokha, aika liwiro pambali pake. Nambala ya compression yopanda rpm ilibe tanthauzo pa injini imeneyi.

Geji wamba ya kugalaja ili ndi kavavu kosunga nambala yaikulu kwambiri imene yafika. Pa silinda ndi zabwino, chifukwa bowo limodzi ndi chipinda chimodzi. Pa rotor, zipinda zitatu zimadutsa pa bowo lomwelo motsatizana, ndiye chipinda chimodzi chathanzi chimabisa ziwiri zodwala. Pamafunika geji yolemba zipinda zitatu padera, kapena kuchotsa kavavuko n'kuyang'ana singano ikudumpha.

Apa pali kamwambi kamene ndimakonda kufunsa a Fomu 4. Singano ikadumpha mofanana katatu, zili bwino. Nanga ikadumpha kamodzi mwamphamvu, kawiri mofooka? Jambulani samusa ija. Kona iliyonse ili pakati pa zipinda ziwiri, ndiye apex seal imodzi ikathyoka zimafooka ziwiri, n'kutsala chimodzi. Ikadumpha kawiri mwamphamvu, kamodzi mofooka, wolakwa ndi side seal, kachitsulo ka m'mbali kamene kamatumikira chipinda chimodzi chokha. Mwadziwa chathyoka m'kati popanda kutsegula. Komabe apex seal ikhoza kungomatidwa ndi mwaye m'kamsewu kake, makamaka galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda, ndipo yotere nthawi zina imamasuka ikanyowetsedwa ndi oyilo n'kuzungulitsidwa pang'onopang'ono ndi dzanja. Choncho muyesenso kachiwiri musanagamule.

Chomaliza chikukhudza ife a kumtunda kuno. Manambala a m'buku aja ndi a mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, 101 kPa. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, pamene mpweya uli cha m'ma 89 kPa. Injini imachulukitsa chimene yapatsidwa, ndiye ikayamba ndi 0.88 ya mpweya, geji nayo ionetsa 0.88 ya nambala. Injini yathanzi ya 830 kPa ikuwerenga pafupifupi 730 ku Lilongwe, ndipo malire a 680 akutsika kufika cha m'ma 600. Galimoto yowerenga 650 kPa pa 250 rpm mu Lilongwe, makaniko wongoyang'ana buku anena kuti yalephera. Gawani 650 ndi 0.88, mupeza pafupifupi 740. Injini imeneyo yatopako, koma sinafike pomasulidwa. Yesani kuwerengera nokha galimoto yomweyo itayesedwa ku Dedza, kumene mpweya uli cha m'ma 84 kPa.